Manambala a Chijapani akundidutsa m'makutu, ndithandizeni

Tiyamike (Fukuoka): Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi dandaulo. Ndatha miyezi 7 kuno ku Japan, ndipo manambala a papepala sandivuta. Mukandilembera 6,800 ndikuuzani bwinobwino kuti rokusen happyaku. Koma munthu akangotchula nambala yomweyo ndi pakamwa, mutu umaima. Mwezi watha ndinaimba foni kuchipatala china cha mano kuti andipatse tsiku. Mayi wolandira foni anati youka (pa 8), ine n'kumva yokka (pa 4). Ndinapempha ku baito, kuntchito yanga ya ganyu, kuti pa 4 ndisabwere, ndinakwera basi, ndafika pakauntala akundionetsa buku kuti dzina langa lili pa 8. Dzino likuwawa, ndalama ya tsikulo yapita, ndinabwerera misozi ili chengachenga. Inu amene mwakhalitsa kuno, khutu munalizoloweretsa bwanji?

Mayi a Yamikani (Osaka): Pepani kwambiri mwanawe. Dzinolo anakuchitani pa 8 paja?

Tiyamike (Fukuoka): Anandichita amayi, pano ndili bwino. Koma mantha a foni sanathe.

Bambo a Chikondi (Nagoya): Pepani achemwali. Musadzione ngati khutu lanu ndi lolemera, chifukwa pali chimene chimachititsa, ndipo chikuchokera m'Chichewa chathu chomwechi. Tatchulani mawu oti nyoka, muwamvetsere bwino. Mumakoka pa nyo, zimamveka ngati nyooka. Ndi mmene timayankhulira, timakoka mawu tikatsala pang'ono kumaliza, ndipo kukokako sikusintha tanthauzo. Ndiye khutu lathu linakula likudziwa kuti kukoka mawu kulibe ntchito. Mjapani kwa iye kukoka ndi tanthauzo. Youka ili ndi magawo atatu, yo, o, ka, mawu osaduka. Yokka ilinso ndi magawo atatu, koma la pakati ndi chete, ngati munthu wakugwirani pakhosi kanthawi kochepa: yo, chete, ka. Ine ndinkaomba pantchafu katatu potchula iliyonse, m'mawa uliwonse ndikuyembekeza sitima. Musamafufuze kuti o watalika bwanji. Muzimvetsera ngati pakati padutsa kachete. Mukakamva, ndi pa 4.

Pali anzake amene amasokoneza mofananamo. Mikka ndi pa 3, muika ndi pa 6. Powerenga zinthu mittsu ndi 3, muttsu ndi 6, yottsu ndi 4, yattsu ndi 8. Muziwaphunzira awiriawiri moyang'anizana, osati motsatana kuyambira 1 mpaka 10. Mukawaloweza motsatana amasanduka nyimbo, ndiye mukamva muika mumayamba kuwerenga zala kuchokera pa tsuitachi (pa 1), mwiniwake wapita kale patsogolo.

Mayi a Yamikani (Osaka): Zoona zimenezo. Ndiwonjezere kuti eni akenso amasokonezeka. Kusukulu ya mwana wanga makolo akamapangana tsiku, mumamva wina akufunsa kuti hachi-nichi desu ne, kutanthauza kuti kodi mukunena pa 8. M'buku mulibe hachi-nichi, koma pofuna kutsimikiza amatero ndipo palibe amadabwa. Chimodzimodzi mawu oti ichi (1) ndi shichi (7). Potchula shichi amameza i woyambayo, ndiye pafoni shichiji ndi ichiji zimamveka ngati mapasa, pamene ina ndi 7 koloko ina 1 koloko. N'chifukwa chake mumva wina akuti nana-ji kapena nana-gatsu kuti mnzake asaphonye. Inu a Tiyamike, mukapatsidwa tsiku muzibwereza ndi pakamwa panu, muphatikizepo ndi tsiku la sabata. Mukati mokuyoubi desu ne (Lachinayi eti), ngati mwaphonya akukonzani pomwepo. Safunsa anadya phula.

Tiyamike (Fukuoka): Ndimachita manyazi amayi. Ndikanena mou ichido onegaishimasu (chonde bwerezaninso) kawiri, kachitatu ndimangoti hai hai kuti foni ithe.

Mayi a Yamikani (Osaka): Hai ameneyo ndi amene anakukwezani basi pa 4. Mukati abwereze, amabwereza chiganizo chonse ndi liwiro lomwe lija, ndiye simupindula. Koma mukatchula nokha chimene mwamva, iwo amangokonza pamene palakwika. Ntchito yawachepera iwo, yakucheperaninso inu.

Masauso (Tsukuba): Bwanji nonse. Ine wa ku Chipata, masiku sanandivute kwambiri, chinandigwetsa ndi man, mawu a 10,000. Ndikufuna nyumba chaka choyamba, munthu wa kuofesi ya nyumba anandiuza kuti zolipira poyamba zonse pamodzi, shikikin (dipoziti) ndi reikin (ndalama yothokozera mwini nyumba) ndi lendi, ndi juuni man. Mutu wanga unagwira 12 n'kuphatikizapo sauzande. Ndinatenga 12,000 m'thumba ndikusangalala kuti zinthu n'zotchipa. Kumeneko kunali 120,000. Nyumbayo ndinaisiya, ndinagona kwa mnzanga masabata atatu.

Limbani (Lilongwe): Apa ndiye mwandikhudza akulu. Ine sindili ku Japan, ndili pa Lilongwe pano, ndimaitanitsa magalimoto odzera pa Dar es Salaam. Chijapani ndikuphunzira kuti ndizimvana ndi amene amandionera galimoto kumeneko. Akati sanjuugo man en ndimayamba ndatenga cholembera, ndilembe 35, ndiwerenge maziro, pomwe ndikumaliza iye watchula kale makilomita ndi chaka. Pali njira yachidule yowerengera maziro?

Bambo a Chikondi (Nagoya): Achimwene a Limbani, ine ndingakuuzeni kuti maziro muwasiye kaye. Vuto lake ndi ili. Ife tinaphunzira kudula manambala patatupatatu: sauzande, miliyoni, biliyoni. Ajapani amadula panayipanayi. Man ndi 10,000, kenako mumakwera juuman, hyakuman, issenman, mpaka mufike pa oku amene ndi 100,000,000. Chosokoneza n'choti polemba ndi madijiti amaika kachizindikiro ka koma (,) patatupatatu ngati ife, koma pakamwa amadula panayi. Ndiye aliyense amene akuyesa kumasulira nambala ili m'kamwa mwa mnzake akugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, ndipo amatsala m'mbuyo.

Chimene chinandimasula ine ndi ndalama ya pepala. Ichiman en ndi pepala limodzi, lalikulu kuposa onse kuno, lija linali ndi nkhope ya Fukuzawa Yukichi, ndipo kuyambira July 2024 latsopano lili ndi Shibusawa Eiichi. Ndikamva man ndimaona pepalalo. Sanjuugo man ndi mapepala 35 ali patebulo, basi. Juuni man ya a Masauso ndi mapepala 12. Hyakuman ndi mtolo umodzi wa mapepala 100 umene kubanki amamanga ndi kalamba kapepala. Sindifunika kudziwa kuti m'Chingerezi ndi chiyani kuti ndidziwe ngati ndi zambiri kapena zochepa. Polemba mwachangu ndimalemba monga amalembera eni ake, 35万 (万 ndiye man), ndipo maziro ndimawonjezera foni itatha.

Masauso (Tsukuba): Ndi mmene inenso ndinadzachitira. Kwathu ku Zambia tili ana ndalama zisanasinthidwe mu 2013, sauzande tinkati pini. Munthu akati faifi pini palibe amene ankawerenga maziro, unkangodziwa kulemera kwake m'dzanja. Ndinangomutenga man ngati pini wamkulu wa kuno.

Limbani (Lilongwe): Ndiye hachiman kiro ndingoona ngati mapepala 8 a makilomita?

Bambo a Chikondi (Nagoya): Eya. Inu malire anu mumawadziwa kale. Ngati simufuna galimoto yopitirira makilomita 100,000, sungani m'mutu kuti malire ndi juuman kiro. Mukamva hachiman mudziwa kuti ili pansi, mukamva juusanman mudziwa kuti yadutsa. Simunamasulire kanthu koma mwagamula kale.

Limbani (Lilongwe): Nanga zaka? Wina anandiuza kuti galimoto ndi ya Heisei nijuugo nen, ine ndinaganiza kuti akunena 2025.

Masauso (Tsukuba): Imeneyo ndi ya 2013 akulu. Kuno amawerenganso zaka potengera nthawi ya ulamuliro wa mfumu. Heisei inayamba 1989, ndiye mumaphatikiza 1988. Reiwa inayamba pa 1 May 2019, mumaphatikiza 2018, moti Reiwa san nen ndi 2021. Chaka choyamba sanena ichi nen, amati gannen. Koma inu zaka zimene mumagula n'zowerengeka. Lembani kapepala kuyambira Heisei 20, amene ndi 2008, mpaka Heisei 30, amene ndi 2018, mumate pafupi ndi foni. Pakatha mwezi mudzakhala mutaziloweza.

Chifundo (Sendai): Ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Ine ndikusiyana pang'ono ndi a bambo a Chikondi. Zoti tisamamasulire n'zabwino kumva, koma moyo wathu uli mbali ziwiri. Ndikamva malipiro anga ndimafuna ndidziwe kuti kumudzi nditumiza zingati. Ndikamalemba lipoti kwa pulofesa ndimalemba madijiti. Ndiye kumasulirako sitingakuthawe. Ine ndikukonzekera mayeso a Chijapani a JLPT N3 a December, ndipo chimene chandithandiza ndi kulembera. Mphindi 10 tsiku lililonse, ndimatsegula mawu a pakompyuta otchula manambala osakanizika, ine n'kumalemba madijiti. Ndinayamba ndi a madijiti awiri, pano ndili pa asanu ndi limodzi. Popanda kuchita zimenezi mwadala, sindikhulupirira kuti kungokhala pakati pa anthu kungakwanire. Alipo atha zaka kuno amangoyang'anabe pa sikirini ya pakauntala.

Bambo a Chikondi (Nagoya): Sitikusiyana kwambiri achemwali. Kulembera ndikuvomereza ndi mtima wonse. Chimene ndikukana ndi Chingerezi cholowerera pakati. Tiyeni tinene zoona, ndani mwa ife amati makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri akamagula tomato? Timati sikisite seveni. Timaganiza m'Chichewa koma timawerenga m'Chingerezi. Ndiye munthu akamva rokujuu nana, mutu umathamangira kaye ku sikisite seveni, kenako ndiye dzanja lilembe 67. Kasiteshoni ka pakatiko ndi kamene kamadya nthawi. Polembera, dzanja lizichoka pa rokujuu nana kupita pa 67 pakamwa pali potseka, osanong'ona Chingerezi. Za makwacha mudzawerengera madzulo mutakhala pansi.

Ndiponso nkhani yomweyi ikutipatsa mphamvu. Agogo anga sanapite kusukulu, Chingerezi sankachidziwa, koma pachigayo kapena pamsika wa fodya palibe akanawabera. Faifi handiredi ankaidziwa bwinobwino. Anaiphunzira ndi ndalama m'dzanja, kuimva tsiku ndi tsiku pamalo pamene kuphonya kumapweteka. Ife tonse tinaphunzirapo kale manambala a chilankhulo cha eni ndi khutu. Uku n'kubwereza kachiwiri.

Chifundo (Sendai): Apo ndamva. Ndikuvomera kuti ndimanong'ona Chingerezi polemba, ndaona lero lomwe. Ndiyesa kutseka pakamwa. Komabe ndikuumirira kuti mphindi 10 zija zikhalepo.

Mayi a Yamikani (Osaka): Zikhalepo ndithu. Ine zanga ndimachitira kusitolo. A Tiyamike, yesani izi kwa masabata awiri. Mukalowa mu konbini, timasitolo tating'ono tija, lipirani ndi ndalama zenizeni, khadi ndi foni zikhale m'chikwama. Wogulitsa akamatchula mtengo, maso akhale pa katundu wanu, osati pa sikirini. Mvetserani, nenani nambalayo mumtima, kenako dzutsani maso muone ngati mwalondola. Yankho lili pomwepo, simudikira mphunzitsi. Akati sen nihyaku hachijuu en, inu mwapereka mapepala awiri a 1,000, mvetseraninso chenje, adzati nanahyaku nijuu en. Kugula kamodzi mwayesedwa kawiri. Malisiti musataye. Madzulo muziwawerenga mokweza, chinthu chimodzichimodzi, chifukwa chimene pakamwa pazolowera khutu silichedwa kuchigwira.

Pamene ndinayambira ine ndi kusitolo ya 100 yen. Kumeneko chinthu chimodzi chimafika 110 chifukwa cha msonkho wa 10 peresenti, kupatula zakudya zimene msonkho wake ndi 8. Ndiye yankho umalidziwa usanafike pakauntala. Ndinkatenga dala zinthu zitatu kuti ndimve sanbyaku sanjuu en, tsiku lina zisanu ndi chimodzi kuti ndimve roppyaku rokujuu en, tsiku lina zisanu ndi zitatu kuti ndimve happyaku hachijuu en. Malo amene hyaku amasintha ndi atatu omwewo, 300, 600 ndi 800. Sen amasintha pawiri, sanzen ndi hassen. Ndikamva ndi khutu chinthu chimene ndikuchiyembekezera kale, chinkakhazikika.

Tiyamike (Fukuoka): Iyi ndaikonda amayi, sitolo yotere ili pafupi ndi siteshoni yanga. Koma vuto langa lina ndi loti ndimafulumira. Ndikamva sen go ndimalemba 1,500, kenako ndimva kuti watha, kapena wati gojuu.

Masauso (Tsukuba): Chifukwa satchula ziro pakati. Sen go ndi 1,005, sen gojuu ndi 1,050, sen gohyaku ndi 1,500. Kuyamba kwake n'kofanana, nkhani ili kumchira. Manambala akuluakulu ndiye kwambiri. Munthu ati sanbyaku gojuu, inu mwalemba kale 350, iye n'kumaliza kuti man en. Kuona maso a nkhono n'kudekha, dikirani mawu otsiriza, kaya ndi en, nin, kiro kapena meetoru, ndiye mudziwe kuti nambala yatha. Ine ndinaphunzirira pa mapiri awiri. Fuji ndi mamita 3,776, sanzen nanahyaku nanajuuroku, malo onse odzaza. Sapitwa wa ku Mulanje kwanu ndi mamita 3,002, sanzen ni, pakati pali mbee. Ndikawauza anzanga a kuno amandifunsa kuti sanzen nihyaku kodi, ndimati ayi, sanzen ni basi.

Bambo a Chikondi (Nagoya): Manambala otere oti muziimirirapo ndi ofunika. Khalani nawo anu angapo amene mumawadziwa ngati dzina lanu. Lendi yanu, malipiro anu a pa ola, chiwerengero cha anthu kwathu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni ku Malawi, ndiye m'Chijapani ndi sen nanahyaku gojuu man. Japan ili ndi anthu opitirira 120 miliyoni, mawu ake amayamba ndi ichioku nisen. Mukamva nambala yachilendo pa nkhani, mumaiyeza ndi zimenezi, yaposa Malawi kapena ayi.

Chifundo (Sendai): Pa nkhani pomwepo, ine ndimamvetsera za nyengo pa wailesi ya NHK m'mawa uliwonse. Ubwino wake chiganizo sichisintha, chimasintha ndi nambala yokha. Kutentha madigiri angati, mwayi wa mvula maperesenti angati. Khutu silitanganidwa ndi mawu ena, limangodikira nambala. Kuno ku Sendai ndinaphunziranso msanga kumva shindo, muyeso wa kugwedezeka kwa chivomezi umene umafika pa 7. Akati shindo san (3) ndimapitiriza kuphika, akati go jaku (5 yocheperako) ndimazimitsa moto. Nambala imene ili ndi chochita imalowa msanga kuposa ya m'buku.

Mayi a Yamikani (Osaka): Amene akufuna zolimba ayese za soroban, kachipangizo kowerengera ndi mikanda. Mwana wanga amapita kokaphunzira, ndipo pali gawo lina lotchedwa yomiagezan. Mphunzitsi amayamba ndi mawu oti negaimashite wa, kenako amatchula manambala motsatizana, iliyonse n'kumaliza ndi en nari, ana ali kalikiliki ndi mikanda. Yotsiriza amamaliza ndi en de wa, ndiye ana apereke yankho. Ndinakhala kumbuyo tsiku lina ndi kope langa, osawonkhetsa, kungolemba zimene ndikumva. Mwa manambala khumi ndinagwira anayi. Pa YouTube zilipo zambiri, mungosaka yomiagezan n'kuyamba ndi za ana ongoyamba kumene. Liwiro mukhoza kulitsitsa. Mukazolowera zimenezo, wa mu konbini amamveka ngati akuyankhula modekha.

Limbani (Lilongwe): Zimenezi ndingathe ngakhale ndili kuno. Nanga manambala a foni ndi a chasisi? Pamenepo amanditaya.

Masauso (Tsukuba): Pafoni amatchula dijiti imodziimodzi, ndipo pamene pali kamzere amati no. Chenjerani kuti ni amamukoka kukhala nii, go kukhala goo, kuti iliyonse ikhale ndi magawo awiri, ndiye zimayenda ngati ng'oma. Mukagwira kayendedwe kameneko mumadziwa pamene mwadumpha dijiti. 4 ndi yon, 7 ndi nana, 9 ndi kyuu. Ziro amati zero, koma pa nambala ya chipinda mumva maru, moti chipinda 305 ndi san maru go. Za chasisi musalimbane nazo ndi khutu akulu, muwauze akutumizireni chithunzi. Dijiti imodzi yolakwika papepala la galimoto ikhoza kukuchedwetsani pa boda.

Chifundo (Sendai): Ndipo atsopano nonse, 110 ndi apolisi, amati hyakutooban. 119 ndi ambulansi ndi ozimitsa moto. Muziloweze adiresi yanu m'Chijapani mpaka muzitha kuitchula mutadzidzimuka pakati pa usiku, manambala ake onse.

Tiyamike (Fukuoka): Zikomo nonse. Ndalemba m'kope. Ndiyamba mawa ndi sitolo ija, ndidzakuuzani.

Tiyamike (Fukuoka): Ndabweranso, patha masiku 16. Mu konbini ndikulondola pafupifupi nthawi zonse ngati mtengo sunafike 2,000. Dzulo ndinaimbanso kuchipatala kuja kuti akandione dzino. Mtima unkagunda, koma mayi uja atati hatsuka ndinayankha kuti nijuu-nichi, kin'youbi desu ne (pa 20, Lachisanu eti), iye n'kuti hai, sou desu. Ndinaika foni pansi manja akunjenjemera. Chimene chatsala ndi pasiteshoni. Mphindi zimandithawa, ippun, sanpun, roppun, happun, zonse zimathera pa pun ndipo chimkuzamawu chimachita phokoso.

Bambo a Chikondi (Nagoya): Mwachita bwino kwambiri achemwali, hatsuka amagwetsa ambiri chifukwa safanana ndi nijuu ngakhale pang'ono. Za pasiteshoni chitani ngati za mayi a Yamikani. Fikani mphindi 10 sitima yanu isanakwane, imani poti bolodi la nthawi lili kumbuyo kwanu. Akalengeza, gwirani zinthu ziwiri zokha, nambala ya njanji imene imathera pa bansen, ndi mphindi. Ola mukulidziwa kale, lisiyeni. Kenako tembenukani muone. Pa mphindizo khutu likhale koyambirira kwa mawu, i, san, ro, ha, chifukwa mchira ndi umodzi. Kumbukiraninso kuti pa matikiti ndi pa bolodi amawerenga maola mpaka 24, moti 7 koloko madzulo ndi juukuji.

Masauso (Tsukuba): Ndajambula mawu, ndatumiza pamwambapa. Muli nthawi zisanu za sitima, ndatchula mwachangu ndili panja pa msewu kuti phokoso likhalepo. Mvetserani kamodzi kokha, lembani, ndiye mutumize.

Tiyamike (Fukuoka): 14:26, 9:03, 19:48, 7:11. Yachisanu sindinaigwire bwino, ndamva ngati 16:30 koma pali kenakake kumapeto.

Masauso (Tsukuba): Zinayi zoyambazo mwalondola zonse. Yachisanu ndinati juurokuji sanjuuippun, 16:31. Kachete ka mu ippun kaja kanakubisirani 1. Loweruka nditumiza zina, ndiphatikizamo mitengo ya magalimoto ya a Limbani ndi masiku a mwezi.

Limbani (Lilongwe): Muikemo ndi zaka za Heisei akulu, kapepala ndamata kale pakhoma.